Doko Limene Linadulidwa ndi Sizasi

Kwathu ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, zinthu zonse zofunika zinkakhala m'mwamba. Mvula ikalimba, madzi ankalowa pansi pa chitseko n'kudzaza nyumba mpaka m'akakolo, chaka china mpaka m'maondo. Choncho thumba la ufa linkakhala patebulo, makina osokera a adadi pa njerwa, mabuku anga pamwamba pa kabati. Pamwamba pa zonsezo, pa mtanda wa denga, pankalendewera chipaipi cha pulasitiki chotseka ndi sanza uku ndi uku. M'chipaipimo munali mapu a agogo, osonyeza doko la Beira.

Agogo anali bambo awo a adadi. Anabadwira ku Malawi, ndipo ali mnyamata anatsikira ku Beira, kumene anapeza ntchito yophika m'sitima yaing'ono yonyamula katundu m'mbali mwa nyanja yamchere. Nkhondo itavuta kumeneko anabwera ku Lusaka, anzawo a kumzikiti n'kuwaphunzitsa kusoka. Iwo ndiwo anadzaphunzitsa adadi utelala. Mapuwo anawatola tsiku limene kaputeni analandira atsopano n'kutaya akale. Ankati ngakhale nthawi imeneyo mapuwo anali okalamba kuposa kaputeni mwiniwakeyo.

Sanali ngati mapu a kusukulu. Pa mapu a kusukulu mtunda ndiwo umadzaza mayina, nyanja n'kukhala yopanda kanthu. Pa awa mtunda unali mbee, kupatula kansanja ka nyali ndi timabokosi ta nyumba za padoko, koma m'madzi munali timanambala tambirimbiri ngati nyerere zagwera pa shuga. Agogo anandiuza kuti nambala iliyonse ikunena kuya kwa madzi pamalopo, ndipo amayeza ndi mikwamba, monga momwe akale ankayezera nsalu. Pakona pena panali chizungulire chonga dzuwa chosonyeza mbali za dziko. Pepala lake linali lachikasu, lokhuthala, ndipo kumbuyo kwake anamatako nsalu yofewa kuti lisang'ambike. Linkanunkha ngati m'sutukesi yakale.

Pamene ine ndinkafika giredi sikisi, ng'ala inali itatseka maso onse awiri a agogo, ndipo agogo aakazi anali atamwalira. Kuyambira pamenepo anasiya kulankhula zambiri. Ankakhala kuseri kwa nyumba pa kampando kawo, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja, tsiku lonse. Ukawapatsa moni ankayankha, basi. Chakudya ankangochilawa.

Koma Lachisanu linali lina. Akabwera kuchokera ku swala ya Juma kumzikiti, adadi atawagwira dzanja, ankavula nsapato n'kunena kuti, "Mama, tsitsa doko." Ankanditcha mama chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Ndinkakwera pa situlu, kumasula chipaipi, n'kuyala mapu pamkeka. M'makona ndinkatsindira ndi ayironi ya makala, mwala wotsekera chitseko ndi nsapato zawo zomwezo. Iwo ankapapasa mpaka apeze m'mphepete, n'kuika chala kunja kunyanja. Ntchito yanga inali kuwerenga nambala imene ili patsogolo pa chalacho.

"Naini, agogo."

"Tiye nazo."

"Seveni. Sikisi."

"Mgolo wofiira uli kuti?"

"Pafupi, kudzanja ili."

Khomo la dokolo linali lovuta. Uku ndi uku kunali mchenga wobisala pansi pa madzi, ndipo njira ya sitima inali yopapatiza, yokhotakhota ngati njira za m'komboni mwathu, yosonyezedwa ndi migolo yoyandama. Nthawi zina ankasocheretsa chala dala kuti andimve ndikukuwa kuti, "Thuu, agogo, thuu!" Ndiye ankaseka n'kunena kuti, "Ukanachedwa pang'ono tikanagona pamchenga ndi mpunga wanga pamoto." Njira yeniyeniyo inkaoneka ndi maso: chala chawo chinali chitaidetsa kwa zaka zambiri, kamzere kofiirira kolowa pakati pa manambala.

Chala chikafika pa timabokosi tija ankati, "Tafika. Mangani zingwe." Pamenepo amayi ankabweretsa tiyi ndi vitumbuwa, agogo n'kudya mpaka mbale kuyera, kenako nkhani imodzi. Za nyani wa mzungu wina amene anaba ndowa ya mazira, za mphepo imene inawagonetsa chogwira mphika, za kokonati wa pamsika wa kudoko. Nkhani sinkabwera tisanafike. Lamulo linali limenelo.

Ine kusukulu ndinali mwana wosakweza dzanja. Aphunzitsi akanditchula, mawu ankathera pakhosi. Zonse zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba madzulo m'kabuku kanga kachikuto cholimba. Malo okhawo amene mawu anga ankamveka mpaka pakhonde anali pamkeka paja, Lachisanu masana.

Chaka chimene ndikunenachi, mvula ya Januwale inabwera ndi ukali sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira. Adadi anali atalandira oda ya mayunifomu a sukulu yathu, ntchito yaikulu kuposa zonse pachaka. Telala sadula nsalu chamumutu. Amakhala ndi mapatani, zidutswa za katoni zooneka ngati mkono, kolala, kutsogolo ndi kumbuyo kwa chovala, zimene amaika pansalu n'kuzungulira ndi choko. Mapatani a adadi anaiwalika pansi, kuseri kwa makina. Madzi atalowa, anasanduka phala. Anazungulira m'tuntemba tonse ta pafupi kufuna katoni youma, koma m'Kanyama monse munalibe chouma sabata imeneyo.

Lachitatu amayi anandituma kukagula mafuta ophikira. Ndinachedwa chifukwa cholambalala zithaphwi. Nditabwera, adadi anali pakhonde pamene ankasokera, nsalu yobiriwira itayalidwa patebulo.

"Bwela nikupime," anatero. "Yako nizayambila, uleke kunilondola na maso."

Ndinaimirira, ndinatambasula dzanja. Iwo anatenga patani ya mkono n'kundiika paphewa kuti aone ngati ikwana. Inali yozizira, yofewa kumbuyo. Nditatembenuza mutu, pafupi ndi diso langa panali timanambala. Seveni, seveni, sikisi. Pansi pake theka la chizungulire chija chonga dzuwa, chodulidwa pakati.

Sindinakuwe. Ndikukumbuka kuti botolo la mafuta linali likadali m'dzanja linalo, ndipo ndinaligwira mwamphamvu mpaka chivindikiro chinandisiyira chidindo. Ndinayang'ana patebulo. Panali kolala yokhala ndi kansanja ka nyali. Panali chakumbuyo kwa bulauzi chodzaza nyanja. Panali chidutswa chachitali cha siketi. Mapu onse anali pamenepo, koma ngati nkhuku yoduladula.

"Adadi, awa ndi mapu a agogo."

"Kamba pang'ono-pang'ono, bali kuseli." Anandichotsa patani paphewa. "Manje unafuna nichite bwanji? Makatoni yonse yaola. Iyi pepa ni yolimba, ili na nsalu kumbuyo, olo nidulilepo sukulu yonse singang'ambike."

"Nanga Lachisanu?"

"Ba gogo bako baona chani? Maso yanafa kudala. Mu paipi naikamo kalenda ya ku hadiweya, ukulu wake ni umodzimodzi. Iwe uzabelenga chabe manambala. Kalenda nayo ili na manambala."

Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka. Anali atatopa, maso ofiira, choko kukhutu. Anaika patani pansalu n'kuyamba kuizungulira, choko chikuyenda m'mphepete mwa nyanja ya agogo.

"Ine nakulila pansi pa paipi ija," anatero osandiyang'ana. "Beira, Beira. Nyanja yamene sininaionepo na maso. Lelo yatisebenzelako naise."

Ndinalowa m'nyumba. Chipaipi chinali pamalo ake, sanza zake zili bwinobwino. Kuseri ndinkamva mikanda ya tasibihi ikugundana pang'onopang'ono. Madzulo ake ndinatsegula kabuku kanga, ndinagwira bolopeni nthawi yaitali, ndipo ndinangolemba kuti: Adadi adula doko. Mawu ena sanabwere.

Lachinayi lonse ana a m'komboni ankabwera ndi amayi awo kudzayezedwa. Aliyense ankaikidwa nyanja paphewa kapena pamsana. Kamnyamata kena kanafunsa kuti, "Ba telala, iyi ni masamu?" Adadi anati, "Ni masamu ya bakulu, imilila bwino." Anthu anaseka. Ine ndinkasita nsalu ndi ayironi ija yotsindira mapu. Kawiri konse ndinapita kuseri kuti ndiwauze agogo. Kawiri konse ndinangowafunsa ngati akufuna madzi.

Lachisanu linafika. Agogo anabwera kuchokera ku mzikiti, anavula nsapato.

"Mama, tsitsa doko."

Adadi anandiponyera diso n'kutuluka kupita pakhonde. Posakhalitsa makina anayamba kulira. Ndinakwera pa situlu n'kumasula chipaipi. Kalendayo inatuluka m'chipaipi ikunyezimira, ndipo sinkafuna kugona pansi, inkangodzipinda. Ndinaitsindira ndi ayironi, mwala ndi nsapato monga mwa nthawi zonse.

Agogo anatambasula manja. Zala zawo zinayenda papepala loterera lija, zinafika pamwamba pamene pali kachitsulo kokolowekera pakhoma, zinaima. Anapinda kona n'kusisita kumbuyo kwake ndi chala chachikulu. Anaweramira pansi n'kununkhiza. Kenako anaika chala pakati, mwaulemu, monga ankachitira masiku onse.

"Werenga, mama."

Chalacho chinali pa chithunzi cha wilibala. Pansi pake panali manambala akuluakulu, olondolozana bwino. Ndikanatha kunena kuti naini. Makina pakhonde ankalira, kuima, kulira.

"Agogo," ndinatero, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira, "iyi ndi kalenda."

Makina anaima.

"Ya mwezi wanji?"

"Miyezi yonse, agogo. Chaka chonse."

Anagwedeza mutu pang'ono. "Ndinaimva sizasi Lachitatu. Katoni salira choncho. Ndinati mwina makutu nawo ayamba kunama." Anachotsa chala. "Kaitane abambo ako. Abwere ndi zimene adula."

Sindinafunike kupita. Adadi anali kale pakhomo, mapatani m'manja. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anagwada pamphepete pa mkeka ngati mwana wa sukulu. Agogo analandira zidutswazo chimodzichimodzi, akuyendetsa chala m'mbali mwake.

"Uwu ndi mkono. Ichi chakumbuyo. Iyi kolala." Anaitembenuza kawiri. "Kolala waidula bwino."

"Ababa, makatoni yonse yanaola na mvula, ndiye oda ija..."

"Sindinakufunse." Sanakweze mawu. "Mama, lumikiza. Tione ngati tingalowe."

Ndinachotsa kalenda n'kuyamba kuyala zidutswa pamkeka. Sizinali zovuta kwambiri, chifukwa mapuwo ndinkawadziwa ngati nkhope ya amayi. Nyanja yakunja inali pa siketi. Theka la chizungulire linali pa mkono, theka lina pa chakutsogolo. Timabokosi ta padoko ndi kansanja ka nyali zinali pa kolala. Koma chovala sichili ndi mbali zowongoka. Pakati pa chidutswa ndi chinzake pankaoneka mkeka, apa pang'ono, apa pakulu. Ndinatsata kamzere kofiirira kaja ka chala cha agogo. Kanayenda bwino pa siketi, kanalowa pa chakumbuyo kwa bulauzi, kenako kanathera pamene sizasi inakhota kupanga malo a kukhwapa. Khomo lonse la doko, pamene pali njira yopapatiza ija ndi migolo yake, panalibe.

"Adadi, totsala tija tili kuti? Timene munadula m'mbali?"

Adadi anayang'ana pansi pa tebulo lawo kudzera pakhomo. Panali posesa bwino. Amayi anali ataima kumbuyo kwawo ndi mbale ya vitumbuwa, akudikira kuti timange zingwe. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anaika mbale pansi mofulumira ngati yawaotcha.

"Tumapepa twamene tunali pansi?" anafunsa. "Ninayatsila mbaula. Malasha yanali yonyowa." Anagwira pakamwa. "Masiku yonse nimasesa vamene vagwa pansi pa tebulo. Sininaziwe, ababa. Sininayanganepo na kuyangana."

Kunja mwana wina ankaliza chitini, madzi ankadontha mu beseni pakona. Vitumbuwa zimene zinali m'mbalemo zinakazingidwa pa moto womwewo. Ndinaziyang'ana ndipo ndinadziwa kuti sindidya.

Agogo anatenga dzanja langa n'kunena kuti ndiwaike pamene njira yathera. Ndinawaika. Chala chinatsetsereka kuchoka papepala n'kugwera pa mkeka. Anachisiya pamenepo nthawi yaitali, akusisita ulusi wa mkekawo.

"Tenga," anauza adadi pomaliza. "Kamalize zovala za ana. Zadulidwa kale."

Tiyi sanamwe. Anapempha kuti ndiwaperekeze pa kampando kawo kuseri.

Sabata yotsatirayo nyumba yathu inali ngati pali maliro amene anthu akunja sakuwadziwa. Agogo ankabweza mbale osakhudza chakudya. Amayi ankayatsa mbaula ndi pulasitiki, pepala lililonse ankayamba andionetsa. Adadi anasoka usana wonse osayatsa wailesi. Atamaliza mayunifomu anakwera basi kupita m'tauni, anabwera ndi katoni youma, anakoperapo mapatani onse. Kenako anatenga nsalu yoyera yatsopano, ya mtundu umene ankasokera makanzu, mikanjo yovala pa chikondwerero cha Idi, anaiyala patebulo, nandiitana kuti ndiike zidutswa m'malo mwake. Anazisokerera ndi manja, osati pa makina, timisoko ting'onoting'ono kuti singano isaboole nambala. Sindinawaonepo akusoka chinthu pang'onopang'ono chotero.

Atamaliza, pakati panatsala malo oyera okula ngati chikhatho changa.

"Iwe unabelenga apa zaka zingati," anatero. "Tenga bolopeni, ulembemo. Ukumbuka."

Ndinkaganiza kuti ndikukumbuka. Koma nditatseka maso, manambala ankasinthana malo. Kodi faifi inkabwera tisanafike pa mgolo wofiira kapena titaupitirira? Ndinathamangira kabuku kanga, ndinatsegula masamba a Lachisanu lililonse. Ndinapeza za nyani ndi mazira. Ndinapeza kuti tsiku lina agogo anaseka mpaka kutsokomola, kuti tsiku lina anadya vitumbuwa zanga zomwe. Nambala ngakhale imodzi sindinalembe. Sindinaganizepo kuti chinthu chimene chinadutsa nyanja ndi nkhondo ndi madzi a Kanyama chingathe Lachitatu wamba, ine nditapita kogula mafuta.

Adadi anapita okha kuseri kukawafunsa agogo ngati angatiuze manambalawo kuti tilembe. Ndinamva yankho ndili m'nyumba.

"Ine ndinali wophika. Njira ndinkaidziwa ndi chala, manambala ankadziwa ndi mapu. Musalembepo zongoganiza."

Lachisanu linalo sananene kuti nditsitse doko. Anavula nsapato n'kukhala pamkeka. Ndinadikira. Ndiye ndinachita chinthu chimene sindinachitepo: ndinakwera pa situlu osatumidwa. Nsaluyo inali yolemera kuposa kale ndipo inatuluka m'chipaipi movutikira. Nditaiyala, ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pamisoko ya adadi. Anaitsata ndi chikhadabo, msoko wonse wa siketi mpaka kukona. Kenako chala chinapita chokha kunja kunyanja.

"Naini, agogo."

"Tiye nazo."

"Seveni. Apa pali msoko, pitirirani. Seveni. Sikisi."

Adadi anali pakhomo, tepi ili m'khosi. Amayi kumbuyo kwawo. Chala chinayenda ndi kamzere kake kofiirira mpaka pamene pepala linathera.

"Apa pali chiyani?"

"Nsalu yoyera, agogo."

"Nambala?"

"Palibe. Koma doko lili pafupi. Lili apa, pa kolala. Mukangodumpha pang'ono, tafika."

"Sitima sidumpha, mama."

Chala chawo chinatsala pamphepete penipeni.

"Madzi osawadziwa sulowamo. Ponya nangula. Tidikira kunja kuno."

Sindinadziwe chochita, ndiye ndinatenga mwala wotsekera chitseko uja n'kuuika pafupi ndi chala chawo. Anaukhudza, ndipo pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono.

"Tiyi timwera konkuno," anauza amayi.

Anamwa theka la kapu ndi chitumbuwa chimodzi. Ndinadikira nkhani. Sinabwere, pakuti tinali tisanafike. Kuyambira tsiku limenelo mpaka chaka chimene anatisiya, Lachisanu lililonse tinkayenda ulendo womwewo n'kuima pamalo omwewo, doko lili patali ngati kutalika kwa chikhatho. Za nyani, za mphepo, za kokonati, zimene ndinalemba m'kabuku ndi zokhazo zimene ndili nazo.

Lolemba lake sukulu inali itadzaza mayunifomu atsopano obiriwira. Pa asembule ndinaima kumbuyo monga mwa masiku onse, ndikuyang'ana misana ya anzanga, mizere ndi mizere, yonse yodulidwa mofanana. Yanga inandikwana bwino, adadi sankalakwitsa muyeso. Koma tsiku lonse ndinkamva msoko wa kukhwapa, pamene sizasi inadula khomo la doko, ukundikhudza, ndipo dzanja ndinaligwirizitsa kuthupi mpaka belu lowerukira.